Kadontho Kamene Ndinafufuta

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Mukudziwa kuti alamu ndiwo anandilowetsa ntchito mu labotale mwawo. Sindinaiwale, ndipo iwonso sandilola kuiwala.

Ntchito yathu ndi kuyesa zitsulo zothandiza mipweya kusanduka mankhwala msanga. Mpweya ukatera pachitsulo susintha pomwepo. Zili ngati pali chitunda choti ukwere kaye, ndipo chikatalika pamafunika moto wambiri. Alamu ali ndi lamulo lawo: kusinthako kukamatulutsa kutentha kwambiri, chitunda chimafupika. Ndiye amati ukayeza kutenthako, chitunda ungochiwerenga pamzere wa rula. Chitsulo chilichonse tikachiyeza timachiikira kadontho papepala la zotsatira.

Zitsulo zisanu ndi zinayi zinagonadi pamzerewo. Chakhumi chinakana. Kutentha kunkatuluka kwambiri, koma chitunda chili chachitalibe. Ndinabwereza kuyeza katatu konse.

Nditawaonetsa, sanakhale n'komwe pansi. Anati makina anga ndi akuda, komanso mwana wa dzulodzuloli sangaphunzitse rula kuwongoka. Anati ndifufute kadontho kosokerako papepala, ndiike kena pamzere. Achemwali, ndinafufuta, n'kusainanso.

Fakitale ina inakhulupirira pepala lathulo, n'kudzaza thanki yonse ndi chitsulo chakhumicho. Mpweya unkatuluka mmene unalowera. Atawonjezera moto, chitsulo chinaundana, chonse n'kukatayidwa.

Akuluakulu a kuntchito kwathu atiitana tonse awiri Lolemba likubwerali kuti tikafotokoze. Dzulo alamu anandiimitsa pakhomo la ofesi, akumwetulira, n'kundiuza kuti ndikavomere kuti ndinalakwitsa poyeza, poti wachinyamata amakhululukidwa. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wawowu akufuna ulewe, nkhonyayo igwere ine. Zandiwawa kwambiri.

Buku langa la zoyeza ndikadali nalo. M'menemo kadontho kaja sindinakafufute, kali pamalo pake, ndipo pambali pake alamu analembapo okha ndi inki yofiira kuti kachoke. Ndikalionetsa, ntchito yawo yatha, mwina ndi yanga yomwe. Ndikalibisa, ndidzatchedwa wosadziwa kuyeza mpaka kukalamba.

Sindikupempha chilolezo, bukulo ndikupita nalo. Ndangofuna kuti mumve kwa ine iwo asanakuimbireni foni. Mukaima kumbali ya amuna anu ndidzamvetsa, koma chonde musadzanditchule wosayamika.

Mundiperekere moni kwa ana. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira