Piritsi limodzi madzulo

3 Marichi 2016, Dunoon
Zotsatira za magazi zatuluka kukiliniki. Mafuta achuluka m'magazi, akuti kolesitolo. Anesi afunsa ngati kwathu alipo anadwalapo mtima. Ndatchula achemwali anga a Salome: anangogwa akuchapa ku Ntcheu, zaka 46. Bambo chimodzimodzi. Anesi alemba osadzutsa mutu. Mankhwala ake Simvasitatini, piritsi limodzi madzulo aliwonse. Ndafunsa kuti mpaka liti. Akuti moyo wonse.
Palibe pomwe pakundipweteka.

9 Marichi
Mankhwala akadali m'chikwama. Amuna anga a Brown akuti, “Munthu wabwinobwino n'kumamwa mapiritsi?” Kuntchito ku Milnerton kukazinga tchipisi tsiku lonse. Ndadya mbale ziwiri.

21 Marichi
Uthenga wochokera kwa Jennie, mwana wa a Salome. Kusukulu anawapatsa fomu. Pa dzina la kholo walembapo langa.
Ndamwa loyamba. Kapiritsi kakang'ono, kosawawa n'komwe.

14 Epulo
Akatumba a miyendo kuphwanya. M'takisi ndimasowa poiika. Anesi akuti tione kaye milungu iwiri, zikapitirira asintha. Tchipisi ndasiya. A Brown akudandaula ndiwo zopanda mafuta, koma m'mbale simutsala kanthu.

2 Juni
Miyendo inasiya yokha. Ayezanso magazi: mafuta atsika kuchoka pa 8 kufika pa 5. Anesi amwetulira, koyamba. Ine osamva kusintha kulikonse. Mvula, mphepo, denga kudontha pakona.

30 Juni
Nseru m'mawa uliwonse. Fungo la mafuta kuntchito, ndasanza kawiri. Ndi mapiritsiwa basi. Kumwezi sindinapite kawiri, koma zaka 42, mwina ndi msinkhu.

5 Julaye
Si mapiritsi. Si msinkhu.
Pathupi pa milungu khumi. Zaka khumi ndi zitatu m'banja popanda kanthu, tinasiya n'kuzikamba komwe.
Anesi andilanda mankhwala pomwepo. “Awa ayi, mayi, mpaka mubereke ndi kumaliza kuyamwitsa.” Ndafunsa za milungu yomwe ndakhala ndikumwa. Akuti kawirikawiri sipakhala vuto, andijambula Lachinayi. Ndafunsa za mafutawo. Akuti akweranso, tiziyang'anira.
Ndabwerera wapansi, takisi ndinaiwala.

6 Julaye
A Brown ndawauza akumanga nsapato. Anakhala pansi, nsapato ina ili m'manja. Kuntchito achedwa.
Madzulo ndinatunga madzi m'kapu monga mwa masiku onse, ndinaima nayo pashelefu. Palibe choti ndimwere. Ndangomwa madziwo.