Anzanga Akufuna Kuotcha Kaseti ya ku Makanjira

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Namwera. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditumiza ku Mangochi mu 1973 ndipo mpaka lero ndikadali konkuno. Nkhani yanga ndi ya kaseti imodzi. Musaope, mulibe zandale.

Nditangofika pa boma pa Mangochi ndinapeza anzanga awiri okonda nyimbo ngati ine. Woyamba anali a Ellard, kalaliki wa ku zaulimi. Wachiwiri Che Wadi, mwana wa konkuno, amene anali atangobwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi gitala komanso wailesi ya kaseti yaikulu ngati sutikesi. Loweruka lililonse masana tinkakumana pakhonde pa a Ellard. Lamulo lathu linali limodzi: ukamva nyimbo yabwino, usabise. Wina ankabwera ndi mbale ya galamafoni yobwereka kwa dalaivala wa lole, wina ndi nyimbo yomwe wajambula pa wailesi ya ku Mozambiki, wina ndi uthenga chabe woti ku Monkey Bay kwafika anyamata a banjo, tiyeni tikawaone. Kaseti ikakoma inkagona sabata imodzi kwa aliyense, ndipo tinkaibweza m'mbuyo ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Masiku amenewo ndimawasowa, Aphungu.

Mu 1977 msuweni wa Che Wadi ankakwatira ku Makanjira. Tinapita tonse pa lole, ine pamodzi ndi mkazi wanga Aida, tsiku lonse fumbi lokhalokha. Oimba amene anaitanidwa sanafike, bwato lawo linawonongeka m'njira. Anthu atayamba kung'ung'udza, Che Wadi anatenga gitala wawo wa ku Joni uja. Zaka zinayi tinkawamva akungokanda zingwe pakhonde paja, osadziwa kuti tikukhala ndi woimba weniweni. Anaimba m'Chiyao, anaimba m'Chichewa, nyimbo zopeka okha, zina zoseka amuna oopa akazi awo, zina zoti sindingalembe m'nyuzipepala. Ngakhale nkhalamba zinaimirira. Ine ndinali ndi kaseti yatsopano m'thumba, ndiye ndinanyamula wailesi ija n'kujambula zonse.

Pakati pa nyimbo yachitatu pamamveka Aida akukuwa kuti, "Bambo a Rose, ikani pansi chiwailesicho mudzavine! Kapena munakwatira chimenecho?" Kenako akuseka, kenako akuvomera nawo nyimboyo m'Chiyao chake chokhotakhota. Aida anatisiya zaka zitatu zapitazo. Chithunzi chake ndili nacho chimodzi, koma mawu ake ali pa kaseti yokhayi basi.

Che Wadi anasiya gitala kalekale. Pano ndi mwalimu wa madrasa, amaphunzitsa ana Kurani, ndipo anthu amawalemekeza. Vuto ndinaliyambitsa ndine. Chaka chatha a Ellard anandipempha kaseti ija, ine n'kuwapatsa monga mwa lamulo lathu lakale. Iwo anaipereka kwa mlamu wawo wa golosale, mlamuyo n'kuiika pa chimkuzamawu tsiku la msika. Anthu anazindikira mawu. Kaseti inabwerera kwa ine, koma tsopano ana amaimba nyimbo zija mwalimu wawo akamadutsa, ndipo makolo ena achotsa ana awo ku madrasako.

Mwezi watha Che Wadi anakwera basi kuchokera pa boma mpaka kuno ku Namwera. Tinamwa tiyi, tinacheza za mvula, kenako anati, "Aphunzitsi, woimba uja ndinamuika m'manda ndi manja angawa. Inu mukumufukuliranji? Ndipatseni kasetiyo ndikaiotche." Sanakalipe ayi. Ine ndinangoti ndiganize kaye. Za mawu a Aida sindinawauze. Ndinachita manyazi, bambo wamkulu kumalirira kaseti. Iwo anati adzabweranso Ramazani ikatha.

A Ellard akuti ndijambule ina mobisa, yakaleyo ndipereke aotche, aliyense akondwe. Ine mtima sukuvomera, koma ndikaganiza za moto, manja sakufunanso kupereka. Ndichite chiyani?

G.M., Namwera.

A G.M.,

Zikomo ponena msanga kuti mulibe zandale. Akonzi athu anali atayamba kale kutuluka thukuta atangoona mawu oti kaseti. Mayina a anzanuwo ndawasintha, kuopa kuti nanenso ndingakhale mwini golosale wachiwiri.

Kalata yanu yandikumbutsa kutali. Tili ku koleji tinali ndi galamafoni imodzi anyamata makumi anayi, ndipo singano yake tinkainola pa simenti mpaka mbale iliyonse inkamveka ngati mvula pa malata. Koma tinkavina ndithu, ena mpaka kung'amba mathalauza a yunifolomu. Choncho za kulirira kaseti sindikusekani.

Chimene ndikusekereni ndi china. Mwandilembera masamba atatu ine amene simunandionepo, kuti Malawi yense awerenge. Koma anzanu a zaka khumi ndi zisanu, amene anakwera mapiri onse a ku Namwera pa basi, munawapatsa tiyi ndi nkhani ya mvula. Manyazi amtundu umenewu, aphunzitsi, sindinawaphunzire m'buku lililonse. Che Wadi anatsika phiri akuganiza kuti mukuumirira nyimbo zoseka amuna oopa akazi awo. Sakudziwa kuti mukuumirira mkazi wanu.

Tinene zoona, pempho lawo silolakwika. Lamulo lanu loti nyimbo yabwino isabisidwe linali labwino pa mbale za oimba a ku Joni ndi ku Kongo, anthu amene anaimba dala kuti dziko liwamve. Che Wadi anaimba tsiku limodzi kuti ukwati wa msuweni wawo usachite manyazi. Sanalembetse kuti adzamveka pa golosale patatha zaka khumi, ana awo a ku madrasa akugula sopo. Kaseti munagula ndinu, koma mawu ali mmenemo ndi a anthu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo akadali moyo, akuyenda m'misewu yomwe ana akumuimbira.

Musadikire kuti Ramazani ithe. Iwo anakwera, inu tsikani. Koma musanafike kwawo, yambani mwadzera kwa a Ellard ndi mlamu wawo uja, muwafunse mowayang'ana m'maso ngati sanajambulepo yawo. Munthu amene amafulumira chonchi kulangiza zojambula mobisa ndimamukayikira kuti luso limeneli analiyesa kale. Ikapezeka, itengeni. Palibe phindu kuotcha imodzi ina ikuvinitsa anthu pa msika.

Mukafika kwa Che Wadi, tiyi musayembekezere, ndi mwezi wosala. Yambani ndi kupepesa, ndipo musabisale kumbuyo kwa a Ellard, chifukwa kaseti sinayende yokha kuchoka m'nyumba mwanu. Mukatero auzeni za nyimbo yachitatu, monga momwe mwandiuzira ine, mawu a Aida onse osachotsapo. Kenako ikani kasetiyo m'manja mwawo. Ikakhala m'manja mwawo, apo ndiye pemphani. Musapemphe yonse. Pemphani mphindi zokhazo zomwe Aida akumveka, muzijambulire pa kaseti ina iwo akudziwa. Auzeni poyera kuti gitala wawo azimvekabe chapansipansi, chifukwa palibe lumo lolekanitsa mawu awiriwo, ndipo alonjezeni kuti imeneyo sidzatulukanso pakhomo panu, ngakhale a Ellard atagwada. Musawakakamize kumvera. Munthu amene anasiya chinthu chifukwa cha chipembedzo chake sitimuyatsira wailesi kuti tione ngati phazi ligwedezeke.

Ndikuganiza kuti avomera. Che Wadi ankamudziwa Aida, ndipo ndikhulupirira kuti pa maliro ake analipo. Koma sindine mneneri, ndipo mwina akana. Akakana, asiyireni kasetiyo. Zidzawawa, sindikunamizani. Komabe kaseti ya mu 1977 yomwe yadutsa m'manja mwa anthu onsewa sikhala mpaka kalekale. Tsiku lina wailesi idzaitafuna inu mukuona, popanda wokupemphani chilolezo.

Chenjezo langa lili pa nzeru ya a Ellard. Musaitsate. Kaseti imeneyi inathawapo kale kamodzi, ndipo Mangochi ndi yaing'ono. Tsiku limene Che Wadi adzamve kuti anaotcha imodzi inu mutabisa inzake, sadzakalipa, monga sanakalipe ulendo uno, koma basi ya ku Namwera sadzaikweranso. Ndipo taganizani bwino chimene mudzataye. Tsiku la ukwati lija inu maso anali pa mabatani. Amene anayang'anizana ndi bwalo, n'kuona Aida akuvina kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi woimbayo. Mukawanamiza, kaseti mudzakhala nayo, koma simudzakhalanso ndi munthu womufunsa kuti mkazi wanu anavina bwanji tsiku limenelo.

Aphungu