A Eee Awerenga Alendo Anga

Lachinayi, 6 Malichi

Dzanja langali! Analituma ndani? Wapampando afunsa amene angakhale wofalitsa nkhani za kalabu yathu yophunzira kulankhula pagulu. Aliyense maso pansi. Ine dzanja m'mwamba ngati ndalumidwa ndi mavu. M'manja phwaphwaphwa, basi udindo ndi wanga.

Chifukwa chilipo. Mkulu wa laibulale akuti chipinda chathu achipereka kwa ophunzira kusoka ngati mipando izingokhala yopanda anthu. Mwezi uno ukamatha agamula. Tatsala ochepa zedi. Koma chipinda chimenechi ndicho chinandichotsa manyazi ine. Chaka chatha ndinkanjenjemera ngakhale poyankha foni kuntchito. Mashini osokera salowamo ndikuona.

Bambo a mwana: "Ndiye uzilankhula kunyumba, uzilankhulanso kukalabu? Ife tipumira kuti?"

Loweruka, 8 Malichi

Kushopu ya fotokope anthu ochepa lero. Abwana andilola mapepala otsala, ndasindikiza mapositala. "Kodi mawu amakuthawani pagulu? Bwerani Lachinayi pa 20, khomo n'lotsegula." Pansi pake ndaika nambala yanga ya foni. Ndamata pamalo okwerera basi, pafamase, pakhomo la saluni. Guluu m'zala monse. Mayi wa saluni wandiseka, eti makasitomala ake kulankhula amatha kale, vuto n'kuwaletsa.

Mtima suli m'malo. Foni ndikuidikirira ngati mkaka uli pamoto.

Lachitatu, 12 Malichi

Mvula yamatula theka la mapositala. Pa lina wina wamatapo chilengezo cha nyumba ya lendi, mwano wake! Oimba foni awiri okha. Woyamba amafunsa ngati kudzakhala zakudya. Wachiwiri anaphonya nambala.

Lachinayi, 13 Malichi

Msonkhano wa kalabu. Ndapempha chinthu chimodzi: alendo tisadzawaopseze.

Nkhani ndi a Eee. Mkulu wopuma ntchito, tayi tsiku lililonse ngakhale kutenthe bwanji. Ntchito yawo m'kalabu ndi kuwerenga ma "eee" ndi ma "ujeni" a aliyense wolankhula, n'kulengeza pamapeto. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Nditati tsiku la alendo apumeko, nkhope gwaa. "Lamulo ndi lamulo, mayi. Inuyo anakuchiritsani ndani?" Zoona, ndi iwo. Komabe!

Tagwirizana kuti adzawerenge mamembala okha. Agwedeza mutu. Kagwedezedwe kake sikanandisangalatse.

Lachitatu, 19 Malichi

Bulauzi ndasita kawiri. Masana ndinapita ndekha kukaitana Mkulu wa laibulale kuti adzaone ndi maso awo. Mayi wamtali, magalasi pamphuno, kuseka sadziwa. Anangoti, "Ndidzadutsa."

Nanga kukapanda kubwera munthu? Nanga kukabwera wa zakudya uja yekha?

Lachinayi, 20 Malichi

Anabwera! Mipando yonse yodzaza, ena chilili kukhoma. Mayi wa saluni ndi gulu lake, ophunzira a kukoleji, nesi wina ali mu yunifolomu. Ndinasangalala mpaka misozi.

Kenako Wapampando, pofuna kupereka ulemu, anapempha Mkulu wa laibulale anenepo mawu. Anaima kutsogolo pakathebulo, magalasi akutsetsereka. Mayi woopsa uja! Eee, eee, ujeni, eee. Kuyang'ana kumbali, cholembera cha a Eee chikuyenda. Ndinawatsinzinira diso. Ndinatsokomola. Ndinagwetsa dala makiyi. Iwo osacheuka n'komwe.

Pamapeto anaimirira, kukonza tayi bwinobwino. "Mayi Mkulu wa laibulale, ma eee makumi awiri ndi atatu. Mwatiposa tonse lero." Ndipo anzanga, poti tinazolowera kuwombera m'manja lipoti lililonse, anawomba m'manja! Mayo ine. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowepo. Mkulu anatola chikwama chawo n'kutuluka osatsanzika.

Ndawakalipira a Eee pakhonde. Yankho lawo: "Aliyense woima pakathebulo ndi wolankhula, mayi."

Loweruka, 22 Malichi

Dzulo sindinalembe. Lero ndasindikiza mapepala a kasitomala mozondoka, abwana kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndakalirira kuchimbudzi. Uthenga wopepesa Mkulu wa laibulale ndalemba, ndafufuta, ndalembanso, sindinatumize.

Bambo a mwana asiya kundiseka. Ndiye kuti zavutadi.

Lachiwiri, 25 Malichi

Uthenga wochokera kulaibulale: Mkulu akundifuna kuofesi mawa. Ine ndekha, osati Wapampando. Ndayamba kale kufunsa malo ena. Kusukulu akana. Kuholo kuli kwaya Lachinayi lililonse. Ndakhala, ndaimirira, ndasesa m'nyumba mosesa kale.

Lachitatu, 26 Malichi

Ndinalowa muofesi ya Mkulu. Anatseka chitseko. Nditayamba kupepesa anandidula ndi dzanja.

Eti mwezi wamawa mwana wawo wamkazi akukwatiwa. Bambo ake anamwalira, ndiye wolankhula m'malo mwa banja ndi iwowo. Sakuona tulo. Zaka zonsezi akamalankhula pamisonkhano antchito awo amangowombera m'manja, palibe anawauzapo chilungamo. Anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako: "Mkulu wa tayi uja amabwera Lachinayi lililonse?"

Ndinati sajomba.

"Osoka ndawapezera chipinda china. Mawa mundisungire mpando wakumbuyo. Koma nkhope yanga ndisadzaione pa positala yanu."

Ndinatuluka, kukhala pamasitepe, kuseka ndekha ngati wamisala, anthu akundilambalala. Tsopano ndiwaimbire a Eee kuti mawa asaiwale cholembera. Koma kuwathokoza ayi, ndakana.