Bulaki Saphedwa Chaka Chino

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji? Ndine Esinati wanu. Kuno tadzuka, kungoti mawondo anga ayamba kulosera mvula monga ankachitira anu aja. Musadabwe kuti Esinati wadziwira kuti kulemba. Sindinadziwe ayi. Pakamwa ndi panga, koma cholembera wagwira ndi Enelesi, mdzukulu wanga uja tinamutcha dzina lanu, mwana wa malemu Feliya. Ndamuuza kuti alembe mawu momwe akutulukira, asakonze kanthu, ngakhale pamene pakukhudza iye mwini.

Ndiyambe ndi zabwino, pakuti inu simunkafuna kuti munthu atule nkhani yoipa asanamwe madzi. Mtedza unachita bwino m'munda wa pachulu uja. Chimanga ndiye chinafota pang'ono, mvula inadula ngaiyaye zikungotuluka kumene, koma m'nkhokwe pansi sipakuoneka, tifika nacho. Kwa a Nangondo, anzanu a pamtondo aja, kwabadwa mapasa, onse aakazi, ndipo gogoyo akuyenda monyang'wa ngati abereka ndi iwo. Mango munabzala kuseri kwa bafa aja anathyoka nthambi ndi mphepo, koma nthambi zotsalazo zadzaza maluwa.

Feliya muli naye komweko, mumuuze kuti ana ake akula. Bambo awo titawasudzula anabwerera kwawo ku Kabudula, anakwatirako, ndipo moni wawo timangomvera kwa anthu odutsa pa njinga. Choncho Enelesi ndi mlongo wake Limbani ndi anga. Enelesi walowa folomu 4, Limbani folomu 2, onse pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Nsaru.

Kulera ana a sekondale, Amayi, ndi ntchito imene simunandiphunzitse. Poyamba Limbani ankandiyesa chitsiru. Ankangotsegula buku, maso ali pa nkhuku, podziwa kuti agogo sangazindikire ngakhale bukulo litazondoka. Ndiye ndinapeza njira yangayanga. Akaweruka ndimawakhazika pamphasa, lichero la mtedza pakati, tikuswa, ndipo aliyense andiuze chimene waphunzira tsikulo, m'Chichewa, mpaka ine ndimve. Akayamba kundithira Chingerezi ndimadziwa kuti nayenso sanamve, ndiye ndimati, "Bwerezanso, gogo wako ndi wogontha." Mwa njira imeneyi ndadziwa kuti magazi amazungulira m'thupi ngati madzi a m'ngalande. Zoti dziko nalonso limazungulira ndinakana, mpaka lero ndikukana, koma ndinawauza kuti pa mayeso alembe za aphunzitsi, zanga azisiye pamphasa pomwepo.

Limbani wagwidwa ndi mpira. Ndi goloboyi wa timu ya pasukulu, ndipo anthu akuti akauluka amakhala ngati kabawi. Sindinamuletse, mwana wamwamuna wopanda chochita madzulo amakathera pa bawo ndi kachasu. Koma tinapangana. Teremu imene masamu agwa, nsapato za mpira zimagona pansi pa bedi langa. Zinagonapo kamodzi, analira ngati wafedwa, ndipo chiyambire pamenepo masamu aima.

Enelesi ndiye mutu wake ndi wanu, wouma. Tsiku limene aphunzitsi anaitana makolo kuti ana asankhe maphunziro, anzake aakazi ambiri anathawa za sayansi, akuti n'za anyamata. Iye anakhala pomwepo. Akufuna akapite ku koleji akaphunzire udokotala wa ziweto. Aphunzitsi ake, bambo wina wodekha wa mandala, ananditengera pambali nati, "Agogo, mwanayu akapanda kudodometsedwa chaka chino, malo akhoza kuwapeza. Chonde asajombe, ndipo maphunziro a Loweruka asawaphonye." Ine ndinati, "Aphunzitsi, inu gwirani mutu, miyendo ndigwira ine."

Tsono mudzifunsa kuti nkhalamba ngati ine zonsezi ndikuzikwanitsa bwanji. Ndi inu nomwe. Ng'ombe yaikazi munagula ndi fodya wanu ija inatisiyira ana, ndipo mwa anawo muli nkhunzi ziwiri tinafula, Bulaki ndi Mawanga. Zimenezi ndizo zimakoka ngolo. Loweruka Limbani amanyamulira anthu manyowa, njerwa, mabelo a fodya, ndi matumba opita ku msika wa Nsaru. Fizi, ndalama ya mayeso, sopo, matayala a njinga ya Enelesi, zonse zimatuluka m'khosi mwa ng'ombe ziwirizi. Ndipo goli, inu mukudziwa, silikokedwa ndi ng'ombe imodzi.

Apa ndiye pali nkhani imene ndakulemberani.

Mwana wanu wamwamuna, a Gibisoni, amene tsopano ndiwo mwini mbumba, anatiitana tonse pakhonde pawo titangomaliza kukolola. Anavala jekete ngati kuli ukwati. Anati, "Achemwali, amayi akundibwerera kutulo. Akuti akunyowa. Anzawo onse kumanda ali m'nyumba za simenti, iwo ali pa dothi ngati sanabereke. Chiliza chimangidwe mvula isanagwe."

Ine ndinati zimenezo n'zabwino, palibe mwana amene angakane kumangira make.

Anati, "Simenti ndigula ine. Koma anthu adzachokera ku Mpingu, ena ku Nambuma, ndipo sitingawadyetse nyemba. Ndiwo yake ndi Bulaki. Ng'ombe ndi ya amayi, ipite kwa eni ake."

Ndinayamba ndameza malovu, monga munkanenera kuti mawu oyamba kufika pakamwa ndi a mdani wako. Kenaka ndinati, "A Gibisoni, tengani mbuzi zanga zonse, ndi nkhuku zomwe. Bulaki akaphedwa, Mawanga akoka ndi yani? Ngolo ikaima, Enelesi mayeso salemba."

Anaseka, Amayi, kuseka kwa kukhosi kuja ankaseka ali mwana akaba ndiwo. "Chiliza cha mayi wa Gibisoni, mbuzi? Mukufuna azikandiimba pa mowa, eti? Mtsikanayu wafika folomu 4, wakwanitsa. Kalata amatha kuwerenga, chikwangwani cha basi amatha kuwerenga. Za koleji n'za ana a m'tauni. Mwamuna akapezeka, ine ndilipo, unkhoswe ndigwira."

Ine ndinanyamuka, ndinakutumula chitenje, ndi kubwerera kwathu osayankha. A Gibisoni anayesa kuti kukhala chete kwanga ndi kuvomera.

Sabata yathayi, m'mawa ndikusesa, ndinaona anyamata awiri akulowera kukhola, chingwe chili m'manja, a Gibisoni ali pambuyo. Akuti amafuna Bulaki akamusunge kwawo, azimudyetsa madeya kuti anone tsiku lisanafike. Sindinathamange, miyendo yothamangira ndilibe. Ndinatenga kampando kanu kaja, ka mwendo wosweka, ndinayenda pang'onopang'ono, ndi kukakhala pakhomo pa khola penipeni, msana utatsamira mipiringidzo.

Mnyamata wina anati, "Agogo, tapatukani pang'ono, ingakupondeni."

Ndinati, "Imandidziwa. Chingwecho muyambe mwamanga ine, mukandidyetse madeya, mwina n'kunona."

Winayo anafuna kuseka koma anaona nkhope ya amene anamutuma. A Gibisoni anati, "Achemwali, musandichititse manyazi pamaso pa ana. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Inu mwasankha ng'ombe kusiya amene anakuberekani?"

Pamenepo, Amayi, mundikhululukire, ulemu ndinauika pansi. Dzina lawo ndinalitchula lopanda chovala. Ndinati, "Gibisoni, msana watsamira khola uwu ndi umene unakubereka iwe. Unandikodzera pamenepa. Sukulu imene unapita iwe, mpaka kukakhala kalaliki ku esiteti, inali yanga. Lero wabweranso ndi chingwe kudzatenga ya mdzukulu wanga?"

Anayang'ana anyamata aja, anayang'ana ine, ndi kutembenuka. Ali kutali anati, "Mwana ameneyo akadzafuna nkhoswe musadzandiitane." Ndinati, "Pofika nthawi imeneyo ankhoswe adzakhala akulimbirana."

Enelesi, usaime, lemba. Amayi, dzanja la mwanayu laima chifukwa nkhani ya sukulu yanga sanaimvepo. Koma inu mukuidziwa. Ndinangolowa miyezi yowerengeka, ndinali nditayamba kumene kujambula zilembo pa sileti. Munabwera pakhomo pa kalasi, Gibisoni ali kumsana, munandikodola ndi dzanja. Munati mwana alibe mlezi, kumunda udzu wakula. Ndinasiya sileti pa benchi ndikuyesa kuti mawa ndibweranso. Sindikukuimbani mlandu, nthawi yake inali imeneyo, ndipo manja munali nawo awiri okha. Koma sukulu ya mwana wamkazi pakhomo pano inafa kamodzi chifukwa cha Gibisoni. Kachiwiri ayi.

Ndipo musaiwale kuti kuuma mutu kumeneku ndinayamwa kwa yani. Chaka cha njala chija atamwalira abambo, anthu atadzaza pabwalo, ufa utatha, akuluakulu anakuuzani kuti mutsitse chimanga cha mbewu chinali kudenga la khitchini, asinje, anamalira adye. Inu muli ndi nsalu ya maliro kumutu munati, "Mbewu sadyera maliro. Amuna anga apita, koma ana awo adya chaka chamawa." Anakunenani mudzi wonse, ena anati simunawakonde abambo. Ine ndinali pambali panu, ndinamva. Chimanga chimenecho ndi chimene tinabzala, ndipo Gibisoni yemweyo anadya mondokwa wake mpaka kutsekula m'mimba.

Tsopano a Gibisoni kutchalitchi akandiona amayang'ana kudenga. Mlamu wanga, mkazi wawo, amandidutsa pa mjigo ngati ndine chitsa. Ena akuti Esinati wakalamba ndi mtima woipa, wamana make nyumba. Ena akuti mtsikanayo akadzaphunzira adzakwatiwa ku Blantyre, gogoyo sadzamva ngakhale fungo la shuga wake. Zonsezi zimandifika, pakuti pamudzi pano mawu sagona panjira. Zimawawa, sindinama. Gibisoni ndi wanga, ndinamulera ndekha, ndipo simenti anaguladi, ili m'nyumba mwake. Mtima wokukondani ali nawo, kungoti wasakanikirana ndi mtima wofuna kuti anthu amuone.

Koma za malotozo, Amayi, tiyeni tikambirane ife awiri. Ngati mukunyowadi, bwanji simukubwera kwa ine? Khomo mukulidziwa, ndi lomwe lija, chitseko chake chimatsekedwa ndi mwala. Ine ndimagona tulo ta nkhuku, khoswe akangoyenda ndadzuka, koma simunabwere ngakhale kamodzi. Mukalambalale ine, amene ndinakusambitsani mpaka tsiku lomaliza, n'kupita kwa Gibisoni, amene mkonono wake umathawitsa agalu? Inu amene munkalima mvula ili pamsana, thumba la feteleza lili kumutu, lero mukuopa kunyowa? Ine sindikukhulupirira. Ngati ndalakwa, bwerani mundiuze nokha, ndidzakuyalirani mphasa. Koma ndikuuziranitu, ngakhale mubwere, yankho langa ndi lomweli. Bulaki saphedwa chaka chino.

Sindikunena kuti ndikudziwa za mawa. Mwina mayeso adzamuvuta mwanayu. Mwina adzakhoza koma dzina lake osatuluka, pakuti akuti ofuna malo ndi ambiri kuposa mipando. Ndamuuza kuti zikadzatero adzabwereza, ngolo idzakhala ikuyendabe. Chimene ndakana ine n'chakuti adzasiye cholembera pa benchi chifukwa anthu anafuna kudya nyama tsiku limodzi, n'kutsuka m'kamwa, n'kumapita kwawo akunena kuti mchere unachepa.

Tsiku lolambula kumanda tinapita tonse. Tinazula udzu, tinaunjikira dothi pamene panatitimira, ndipo Limbani anatuta miyala ya kumtsinje pa ngolo, tinaindandalika kuzungulira inu ndi Feliya. Miyalayo anakoka ndi Bulaki yemweyo. Mvula ya chaka chino siikukokololani.

Chiliza chanu chidzamangidwa, Amayi, ili ndi lonjezo langa, ndipo ndikapanda kufikapo ine, amene akulemba uyu wamva ndi makutu ake, walembanso ndi dzanja lake. Mchenga ndi njerwa zidzabwera pa ngolo yathu, Bulaki ndi Mawanga ali pa goli. Gibisoni ndidzamuitana ndekha, adzakhale kutsogolo ndi jekete lake. Simenti ikadali yaiwisi, mmisiri adzapatuke, Enelesi adzatenge msomali alembe dzina lanu, limenenso ndi lake. Inu ndi ine sitikanatha kuliwerenga, koma iye adzatiwerengera mokweza.

Pakali pano yang'anani zilembo zili papepalali. Akuti n'zowongoka, ine ndimangoona ngati mizere ya munda wolimidwa bwino. Muwaonetse anzanu a m'nyumba za simentiwo, muwafunse ngati ali nazo zotere.

Ndilekere pano, dzuwa lapendeka, mwanayu ali ndi za sayansi zoti awerenge ndipo ng'ombe sizinamwe. Mupereke moni kwa abambo ndi kwa Feliya.

Ndine mwana wanu wokukondani, wouma mutu ngati make,

Esinati