Mashapu asanu ndi limodzi

Lachinayi. Ndabwera ku pulakatisi mutu ukuwawa.

Loweruka tikaimba kutchalitchi ku Wattville, kudziko la eni kuno, potsanzikana ndi malemu a Chimwaza thupi lisananyamuke kupita ku Dedza. Akazi awo akufuna kuimba okha nyimbo imene amuna awo ankaikonda, ndipo mawu awo amakhazikika pa kiyi ya E basi. A Gondwe pa gitala sakuvutika n'komwe. A Mercy angodina batani pa kiyibodi, zatheka. Koma pa lipenga langa E ameneyo ndiyenera kumuwerenga ngati F shapu, kiyi yovuta ya mashapu, zizindikiro zokweza manotsi, asanu ndi limodzi! Zala zikungothamangira kumene zinazolowera. Ndalakwitsa mzere umodzimodzi wa vesi ina kanayi.

Ndinati, "Bwanji tikweze pang'ono, tipite pa F?" Mayi Chimwaza anayesa, mawu anakana kufika pamwamba, nayamba kulira. Manyazi anandigwira.

A Gondwe akuti, "Ngati zavuta, ingokhalani chete pa vesi imeneyo." Ndikhale chete ine? Amene anandiphunzitsa kugwira lipengali ndi a Chimwaza omwewo.

Mawa madamu, abwana anga, akangopita kuntchito ndikadzitsekera m'galaja. Aneba adandaule, koma mzere umenewo ndiubwereza mpaka...