Apongozi Akufuna Kuwamba Olotaneta

Aphungu,

Pamsonkhano wa mwezi watha akuluakulu anatiuza kuti msewu wathu wa ku Utale tsopano ndi wodutsika nyengo zonse, dzinja ndi chilimwe, ndipo tinawomba m'manja. Amuna anga, a Chande, ndi munthu womvera. Atapeza madzi atadzaza pakhwawa, anangolowamo ndi pikiapu yathu yonyamulira nsomba. Anatulukira tsidya lina, koma chiyambire tsikulo kagetsi kofiira ka batire sikazima, ndipo galimoto silira yokha, timachita kukankha. Anansi atopa nafe. Akangomva a Chande akupereka moni wautali m'mawa, amuna onse amazembera kumunda.

A Chande akuti chamwa madzi ndi olotaneta, kamakina kodyetsa batire moto. Bambo awo, apongozi anga a Bakali, omwe akalamba akuwamba nsomba, akuti: "Chonyowa chilichonse chimauma ndi utsi. Masula, ndikuyikire pamodzi ndi nsomba za makumba." Ine ndinati, "Iyayi, bambo, nanga chikapsa?" Iwo anangoseka: "Binti, mwana wanga, wadyapo nsomba yanga yopserera iwe?"

Aphungu, ine ndine woyembekezera ndipo ndatopa, mwezi wanga wochira ndi ukubwerawu. Pa mwana woyamba ndinatsala pang'ono kupita, ndipo anamwino anandiuza kuti ndisadzachirirenso pakhomo. Galimoto imeneyi ndiyo yodzandifikitsa kuchipatala ku Balaka. A Chande sadya bwino, amangoyang'ana ine, n'kuyang'ana galimoto. Kodi tiwalole apongozi? Pamene ndikulemba pano, madzi pakhwawa paja akulekeza m'chiuno.

Z.C., Utale


Mayi Z.C.,

Apongozi anu muwalemekeze, koma olotaneta asayikhudze. Nsomba imafuna moto. M'kati mwa chipangizochi muli timawaya topaka vanishi ndi tizitsulo tosachedwa kupsa. Akayiwamba idzanunkhira bwino, koma ku batire sikudzapita kanthu.

Auzeni a Chande asathamangire sipanala. Ayambe ndi lamba wozunguza olotanetayo, injini itazima. Amudinikize pakati ndi chala: akabonyera kwambiri, kapena ngati amalira "kwiii" injini ikamayenda, ndiye kuti akuterereka, ndipo kumukunga kokha kungathetse mlandu. Kenako achotse nthambo pa batire, kuyambira ya kuthupi la galimoto, apale mitu yake mpaka iwale, n'kumanga zolimba. Mawaya a kumbuyo kwa olotaneta nawo awatokose matope, awaumitse.

Akatero alize injini, ayatse magetsi akutsogolo atalozetsa kukhoma, aponde mafuta pang'ono. Magetsi akawala mowonjezereka, chipangizocho chili moyo. Akangokhala chizirezire, kagetsi kofiira kali chiyakire, matope alowa m'kati n'kumata timakala timene timakhudza chozungulira. Pamenepo achimasule, batire atalichotsa, achiyanike pamphepo, apite nacho kwa makaniko wa magetsi a galimoto ku Balaka. Batire alinyamulenso likatchajidwe. Chikamakolokosa pozungulira, auze makanikoyo kuti mabering'i, timipira tachitsulo tozungulirapo, nawo amwa madzi.

Padzapezeka katswiri wa pansi pa mtengo wowauza kuti azule nthambo ya batire injini ikulira, "kuti tione ngati ikutchaja." Ameneyo mum'patse madzi akumwa, azipita. Kuyesa kotero kumapha olotaneta yamoyo.

A Bakali musawasiye opanda ntchito, chifukwa nkhalamba yokanidwa imawamba mobisa. Akufuna kuthandiza mdzukulu wawo, ndipo njira imene akuyidziwa ndi ya utsi. Apempheni akuwambireni makumba a kamba wa paulendo. Pamenepo palibe wowaposa.

Ndanena za ulendo chifukwa nkhani yaikulu si ya galimoto. Ngakhale olotaneta itachira mawa, mvula ilipobe, ndipo mwana safunsa kaye ngati batire lili ndi moto. Musadikire kuti matenda akuyambireni ku Utale. Tsiku limene madzi aphwa pakhwawa, mangani katundu, tengani wokudikirirani, anansi akankhe komaliza, mukakhale kuchidikiro cha amayi oyembekezera pachipatala cha ku Balaka. A Chande asazimitse injini panjira, ngakhale atakumana ndi shehe wofuna moni.

Chitsulo chikafa chimagulidwa china, mayi. A Chande akatsutsa, awerengereni mzere umenewu kawiri, inu mutakhala kale m'galimoto.

Aphungu