Kapaipi ka Alamu Anga

Kampu ya Antchito
Chipinda cha kumapeto
Lamulungu masana

Okondedwa achemwali anga, Manang Saling,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji kumeneko, inu ndi khanda lathu Amparo? Bala la opaleshoni lija lapola? Nanga mayi athu Nanang, mawondo aja akuwalola kufika kutchalitchi, kapena akupempherera pakhonde? Ine kuno ndili bwino, ndikunena thupi lokha. Kuzizira kwayambanso. Dzana ndinayanika malaya panja, m'mawa ndinawapeza ataimirira okha ngati munthu wodikira basi.

Mudabwa kuti mlongo wanu Dioning walemba kalata, munthu woti cholembera anasiyana nacho ali ndi mano a mkaka. Pa foni sindikanatha. Pakamwa pangapa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, ndikanayamba nthabwala, inu n'kuseka, nkhani yeniyeni osatuluka. Kalatayi ndapatsira Manong Tasio, kapitawo wathu, amene akubwera kutchuthi, ndipo ikupezani amuna anu asanafike. Inde Manang, a Fermin akubwera. Ntchito yawathera, ndipo pakamwa pamene pawathetsera ntchitoyo ndi panga. Iwo anena kuti pakhomo panu ndisadzapondenso. Mwanayo mumugoneke kaye, mukhale pansi, mumve mmene zinayendera.

Mukudziwa kuti tikumanga malo opangira magetsi a nyukiliya. Ng'anjo yake imakhala m'chinyumba chozungulira cha konkire, chopanda zenera. Khoma lake n'lochindikala moti njati yolimira ija ya malemu bambo athu, Tatang, ikhoza kuima chopingasa mkati mwake, mchira osaoneka. Ntchito ya khomalo ndi imodzi basi: tsiku limene ng'anjo idzadwale, poizoni wake asatulukire kwa anthu. Koma mkatimo muli mapampu ndi mainjini ofuna magetsi, ndiye mawaya ayenera kuboola khoma. Amadutsa m'mipope yachitsulo yomatidwa ndi phula lolimba, loti ngakhale mpweya sudutsa. Malo odutsirawo ife timangoti makosi.

Khosi limaopa chinthu chimodzi. Waya akachita shoti mkatimo, magetsi amabwera ngati mtsinje wa kwathu nthawi ya namondwe. Waya amafiira, phula n'kusungunuka, chikhoma chonse chija n'kusanduka lichero. N'chifukwa chake waya aliyense wopita pakhosi ali ndi alonda awiri otsatana: swichi yodzizimitsa yokha, ndipo kumbuyo kwake fyuzi. Swichi ikagona tulo, fyuzi imapsa, magetsi n'kuduka khosi lisanatenthe. Alonda amenewa ndi amene ine ndi a Fermin takhala tikuika ndi kuyesa. Kudziko kuno amandilemekeza nazo, Manang, magetsi akandiona amatsika okha.

Poyesa swichi timathira magetsi ambiri dala. Ndiye fyuzi timayamba taichotsa kuti isapse pachabe, m'malo mwake n'kuikamo kachitsulo ka kampani. Kachitsuloko kali ndi chiriboni chofiira cholendewera kunja kwa bokosi, kuti ngakhale wodutsa chothamanga aone kuti apa fyuzi sinabwerere. Vuto n'lakuti tizitsuloto n'tochepa, timachita kulimbirana kusitolo ya zipangizo. A Fermin ankafuna kumaliza mzere wawo msanga kuti awapatse tchuthi cha ubatizo wa Amparo. Lolemba anabwereka sowo yanga n'kudula paipi ya kopa tizidutswa titatu. Ndinawaona ndi maso angawa. Ndinawaseka kuti kodi mwana wosatha mwezi mwayamba kale kumupangira zitoliro, iwo anangoti ndisamale zanga. Sindinafunse zambiri. Kumeneku kunali kudzipangira tizitsulo tawotawo, topanda riboni, toti bokosi likatsekedwa palibe angadziwe kuti mkatimo mulibe fyuzi.

Lamulo la kuno likuti mnzako akamaliza, munthu wachiwiri atsegule bokosi lililonse aone yekha. Koma inu mukutidziwa ife a kwathu ku Ilocos. Kutsegula bokosi limene mkulu wako watseka kuli ngati kununkhiza ndiwo za apongozi iwo akuona. Ambiri amangofunsa kuti mwamaliza achimwene, winayo akati ndamaliza, nkhani yatha. Ine ndekha ndimatsegula, ndipo musaganize kuti n'chilungamo. Ndimangokonda kupeza kanthu koti ndiziseka nako munthu sabata yonse.

Lachinayi kunabwera mayi woyendera ntchito, mzungu wamfupi wosaseka, amene timamutcha Mayi Tochi chifukwa amaunika ngakhale dzuwa lili pamutu. Ine, pofuna kuti mayiyo adziwe kuti Dioning alipo, ndinafuula kuti anthu nonse bwerani mudzaone ntchito ya a Fermin, katswiri wachiwiri padziko lapansi, poti woyamba mukumudziwa kale. Anzathu anasiya zogwira n'kubwera akuseka. A Fermin nawo ankaseka. Anati nditsegule msanga, wailesi yopanda pozimitsira ine, anthu ali ndi njala. Onani Manang, iwo sankabisa kanthu. Anali ataiwaladi.

Bokosi loyamba linali bwino, lachiwiri bwino. Pa lotsatira ndinakoka chogwirira fyuzi monyadira, ngati wamatsenga wa pamsika, ndipo kapaipi ka kopa kanagwa. Pansi pamenepo ndi pachitsulo. Kanalira, n'kugubuduka, n'kugubudukabe, mpaka kanakaima pa nsapato ya Mayi Tochi. 

Mayiyo anakatola, n'kukaunika ndi tochi yake, n'kufunsa a Fermin ngati pali tina. Iwo anati ayi, n'kamodzi komweko, anangoiwala. Kenako mayiyo anatembenukira kwa ine, poti amadziwa kuti timagona chipinda chimodzi ndipo zipangizo timabwerekana. Anandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu.

A Fermin anandiyang'ana. Sanatsinzine, sanapukuse mutu. Anangondiyang'ana mmene anandiyang'anira tsiku lija tinanyamula limodzi bokosi la maliro a Tatang, iwo kutsogolo ine kumbuyo.

Manang, bodza ndimalidziwa, mwini wake ndine. Ndinakuuzani kuti ndinapha njoka yotalika kuyambira pakhomo mpaka pamsewu, munaseka. Ndinauza Nanang kuti kuno abwana sadya ine ndisanalawe, anapemphera kuthokoza Mulungu. Koma tsiku limenelo bodza linandikanira pakhosi. Ndinaganiza kuti chaka chamawa abweretsa mafuta a ng'anjo, ndipo mabokosi awa akatsekedwa angakhale zaka osatsegulidwa. Kutsidya kwa gombe kuli kamudzi ka asodzi kamene timagulako nsomba Loweruka. Kuli sukulu, tiana take timavala majekete achikasu, timatibayibitsa tikamadutsa pa basi. Tianato sitidzadziwa dzina la Fermin kapena la Dioning. Tidzangokhulupirira kuti khoma lili bwino. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti paipi inadulidwa patatu.

Anatsegula mzere wonse. Kachiwiri anakapeza m'bokosi lina, lopita ku pampu yaikulu. Kachitatu kanali m'thumba la ovololo ya a Fermin. Mpaka lero sindikudziwa ngati ponena kuti n'kamodzi ankanama, kapena ankakhulupiriradi kuti tinato anachotsa. Sindinawafunse ndipo sindidzawafunsa. Inunso musawafunse.

Palibe amene wavulala, ng'anjo ikadali yopanda kanthu. Koma akuluakulu anati kuiwala amakhululuka, chimene sakhululuka ndi kudzipangira chitsulo chako ndi kunena kuti palibe tina pamene tilipo. Manong Tasio anawapepesera, anavula chipewa, anatchula za khanda. Sizinathandize. Mayi Tochi anati iyenso ali ndi ana, ndipo n'chifukwa chake sangasinthe mawu.

Atatero analamula kuti mabokosi onse amene gulu lathu linagwirapo atsegulidwenso, ndipo tsopano wotsegula azikhala wa dziko lina, osati mnzako wodya naye mbale imodzi. Anzathu akwiya nane. Kukantini ndikakhala pa tebulo, anthu amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochapa. Wina anandiikira timakobidi tasiliva pansi pa mbale ya mpunga, kuti ndidziwe kuti ndine Yudasi. Ndinayesa kuseka, ndinati Yudasi analandira zambiri, awonjezere. Palibe anaseka. Ine Dioning, amene ndinaseketsa wansembe pa maliro, nthabwala yanga inagwa pansi ngati nsomba yovunda.

A Fermin analongedza katundu wawo tsiku lomwelo n'kusamukira kuchipinda china. Polongedza anandiuza zambiri. Anati anandiphunzitsa kugwira pulayazi ndili mbuli yosadziwa waya wamoto ndi wozizira, zimene zili zoona. Anati ndi iwo anandinenerera kuti andilembe ntchito kuno, zimenenso zili zoona. Anati ndikanatha kuwakokera pambali madzulo, tikanachotsa tokha mwakachetechete. Ndinati alamu, mayi uja anafunsa pomwepo, ndipo inu simunkakumbuka bokosi lake. Anati ndisawatchulenso alamu. Anati za kukhala tate wa ubatizo wa Amparo ndiiwale, bola akatole woyendetsa njinga yamoto pa siteji. Anati denga la nyumba yanuyo anakhoma ndi iwo, ndipo likadali chiimire phazi langa lisadzalowe pansi pake. Ndinati nanga Nanang amakhala momwemo. Anati ndizidzawapatsa moni pampanda ngati wogulitsa nsomba.

Jekete lawo lochindikala lija analisiya pa msomali, pamwamba pa bedi langa. Mwina silinakwane m'sutikesi. Sindinalivale.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndikanachita mwina. Pa kufuula paja, inde. Ndikanatsegula mabokosi mwaulemu ngati munthu wamkulu, osaitana dziko lonse, mwina tikanakonza zinthu popanda kuchititsa munthu manyazi pamaso pa anzake. Chimenecho ndichisenza ndekha. Koma pa funso la mayi uja, Manang, ndikhululukireni, atandifunsanso mawa ndidzayankha chimodzimodzi. Ndikanakonda kukulemberani kuti ndikunong'oneza bondo, mwina mtima wanu ukanafewa msanga, koma ndikanakhala ndikukunamizani pa chinthu chokhacho chimene sindinanamepo.

A Fermin auza anzathu kuti kumudzi akanena kuti kontilakiti yatha. Zisiyeni choncho. Ine sindidzatsutsa, ndipo Manong Tasio alonjeza kutseka pakamwa. Nanang musawauze, mtima wawo uja suli bwino. Inu nokha ndafuna mudziwe, kuti mukamandikwiyira muzindikwiyira pa zimene ndinachitadi. Mukawachingamire pa basi ndi nkhope yabwino. Ndi mmisiri weniweni amuna anuwo, manja awo ndi abwino kuposa anga, ngakhale mawu amenewa mukadzawabwereza pagulu ndidzakana. Anathamanga chifukwa ankafuna kudzaona mwana wawo, palibenso china. Sindikukupemphani kuti musankhe pakati pa iwo ndi ine. Mukafika posankha, sankhani iwo. Ndi bambo a Amparo.

Pempho langa ndi limodzi. Tchuthi changa chili pa Khirisimasi. Akulu amati chibale n'fupa sichiola, koma ine fupa limeneli ndaliponda ndi nsapato yachitsulo, sindikudziwa ngati silinathyoke. Mukaona mmene zinthu zikukhalira m'nyumbamo, mundiyankhe kudzera kwa Manong Tasio pobwerera: kodi basi ndidzatsikire pa geti panu, kapena ndidzapitirire kwa amalume ku Bacarra? Mukati ndipitirire, sindidzakwiya. Ndidzangopempha kuti tsiku limodzi mudzawakweze Nanang njinga yamoto, mudzabwere nawo kwa amalumeko ndi mwanayo, ndidzamuone nkhope. Musandiyankhe mondimvera chisoni. Mundiuze mmene zilili.

Mundiperekere moni kwa Nanang, muwauze kuti ndanenepa moti zitseko za kuno akuzikulitsa. Moni kwa amalume ndi azakhali ku Bacarra, kwa apongozi anu, ndi kwa asuweni onse amene akuvutika ndi adyo kumunda. Amparo mumupsompsone pachipumi, mumuuze kuti ali ndi malume wokongola kuposa amuna onse a ku Ilocos.

Alamu anga musawapatse moni wanga tsiku lofika. Ayambe asamba, adye mpunga wa kwawo, amunyamule mwana wawo. Moniwo muusunge. Mudzawapatse tsiku limene mudzaone kuti angaulandire, ngakhale litachedwa.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
wopanda pozimitsira,

Dionisio Agcaoili